Tiyi Wolira Ngati Belu

"Ingofufuta basi. Mizere ya m'kompyuta si anthu, palibe amene adzakhale pamaliro."

"Ndi mizere ya bambo anga."

"Ndiye uifufute mwaulemu. Uyambe wagwada, kenako udine batani."

Wopereka malangizowa anali Luo Kai-wen, amene anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri m'chipinda cha kafukufuku chija osamaliza maphunziro ake. Ophunzira onse ankamuti achimwene, ena mwaulemu, ena momumvera chisoni. Wolandira malangizo anali Jian Pei-shan, ndipo sanaseke. Linali Lolemba, ndipo Lachisanu anayenera kupereka buku la kafukufuku wake kwa aphunzitsi atatu omuyesa.

Ntchito ya Pei-shan inali yomveka kwa aliyense kupatula abale ake. Anthu polankhula amatenga mawu a chiwalo china n'kukawagwiritsa ntchito pa chiwalo china. Amati woyimba ali ndi mawu otsekemera, chikhalirecho palibe amene ananyambitapo nyimbo. Amati fungo ndi lakuthwa, utoto wa khoma ndi wozizira. Pei-shan analemba pulogalamu imene inkawerenga ziganizo mamiliyoni, n'kumatola mawu osamukawo, n'kumawerengera kumene achokera ndi kumene alowera. Patatha zaka ziwiri kompyuta inapeza zimene akatswiri ena anapeza kalekale: msewuwo ndi wolowera kumodzi. Mawu amachoka pakhungu ndi palilime kupita kukhutu, koma obwerera ndi ochepa kwambiri. Nyimbo yotsekemera ilipo, koma palibe amene amadya mpunga n'kudandaula kuti ukusokosera.

Palibe, kupatula bambo ake.

Bambo Jian anali mmisiri wowamba tiyi pa makala kumapiri a Nantou, ndipo dengu lililonse limene anawamba ankalilemba m'kope. Makopewo anali makumi awiri ndi awiri. Tchuthi china Pei-shan anawalowetsa onse m'kompyuta, pongofuna kuchulukitsa ziganizo, koma pulogalamu itawawerenga inangoti psuu ndi mizere yofiira. Tiyi wa bambo ake ankalira ngati belu. Wina ankanong'ona, wina ankang'ung'udza, wina anasasa mawu ngati tambala wachimfine. Mizere zikwi zitatu ndi zana limodzi inkayenda mobwerera pamsewu wolowera kumodzi uja. Umenewu ndiwo unali mutu wachinayi wa buku lake, chinthu chokhacho m'buku lonselo chimene munthu wina anali asanalembepo.

Pulofesa Tsou, mayi wamfupi amene ankayang'anira kafukufukuyo, anali ndi khalidwe losakhulupirira chilichonse chimene chamusangalatsa. M'mawa womwewo anali atauza Pei-shan kuti mutu wachinayi ndi wokongola mopitirira muyeso, ndipo pofika Lachisanu afotokoze kumene mizereyo yachokera, apo ayi aichotse. Onse awiri ankadziwa kuti popanda mutuwo bukulo likhala lobwereza za eni, ndipo Pei-shan akhala chaka china pampando woyandikana ndi wa achimwene Kai-wen.

Kai-wen yemweyo, ataona kuti nthabwala zake sizikugulidwa, anamuuza kuti ayese kusanja mizereyo potsata zaka. Pei-shan anadina, ndipo pagalasi panatuluka chithunzi cha mizere iwiri. Kufikira kuchiyambi kwa 2009 makopewo anali odzaza ndi fungo: maluwa, uchi, utsi, nkhuni zonyowa. Mawu a khutu munalibe. Kuyambira pakati pa chaka chimenecho mzere wa fungo unagwa, n'kutsala ndi mawu awiri okha, maluwa ndi uchi, pamene mzere wa khutu unakwera ngati wathamangitsidwa ndi galu.

"Bambo ako anasinthanitsa mphuno ndi makutu?" anafunsa Kai-wen.

Pei-shan anaseka, n'kumukumbutsa kuti chigwa chonse chimawatcha bambo ake Mphuno ya Golide. Anasekabe mpaka pokwerera basi Lachiwiri m'mawa. Koma basi itayamba kukwera mapiri, kuseka kunatha, chifukwa anakumbukira chaka chijachi. Iye anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kunawomba namondwe woopsa, ndipo bambo ake anagwa ndi njinga yamoto pamsewu wamatope. Anagona m'chipatala sabata imodzi, n'kubwerako ndi bandeji kumutu, akuseka kuti phiri ndilo lavulala kwambiri. Chaka chomwecho mayi ake anasiya ntchito yosoka imene ankaikonda, n'kuyamba kukhala m'nyumba yowambira tiyi tsiku lonse, osagwira kanthu kena koma supuni.

Anawapeza momwemo. Mabowo a makala anali atakwiriridwa ndi phulusa losalala, pamwamba pake madengu ansungwi atandandalika. Bambo Jian, atavala kamalaya kopanda manja, anamulonjera pomufunsa ngati kompyuta yake yaphunzira kuphika. Mayi ake anamufunsa ngati wadya, ndipo asanayankhe anamupatsa mbale ya mpunga ndi mphukira za nsungwi.

Pei-shan anadya akuyang'ana. Bambo ake ankatapa masamba opotedwa ngati timikanda, n'kuwagwetsera pang'onopang'ono m'mbale yadongo yosalala, mutu utapendekera kumodzi. Kenako ankanyamula dengu n'kulowetsamo nkhope yonse, n'kukoka mpweya mwaukatswiri. Nthawi yomweyo mayi ake, ali pakampando kawo pafupi ndi dengulo, ankagogoda ketulo ndi supuni ngati munthu wongosowa chochita. Akagogoda kamodzi, bambo ankati maluwa atuluka. Akagogoda kawiri, bambo ankati uchi wabwera. Ulendo wina anagogoda katatu mofulumira, ndipo bambo anaphula dengulo ngati lawaluma.

Kuyambira ali mwana Pei-shan ankamva kugogodako, ndipo ankangoti ndi khalidwe la mayi ake. Tsopano anali atatha zaka ziwiri akuphunzira kuwerengera zinthu zobwerezabwereza. Sizinamutengere ola.

Akanatha kungofunsa. Koma anali mwana wa Pulofesa Tsou pa nkhani ya umboni, ndiye mayi ake atatuluka kukaanula zovala, ananena kuti afulula yekha tiyi. Kwawoko tiyi amayamba wathiridwa m'kakapu kakatali, kenako n'kukhuthulira m'kapu yomwera, ndipo kakapu kotsala kopanda kanthuko ndiko munthu amanunkhiza. Pei-shan anakonza tiwiri. Kena anathiramo tiyi, kena madzi otentha okha. Anapatsa bambo ake ka madzi.

Bambo Jian anakapukusa m'manja, anatsinzina, n'kukoka mpweya wautali.

"Maluwa a manyumwa," anatero. "Mvula itangokata."

Pei-shan anamva manyazi kuposa mmene anayembekezera. Ankaganiza kuti akapeza yankho asangalala, monga ankachitira pulogalamu ikayenda. M'malo mwake analakalaka atabweza kakapuko. Mayi ake analowa ndi zovala paphewa, anayang'ana nkhope ya mwana wawo, n'kutola kakapu kaja. Ananunkhiza kamodzi kokha.

"Tinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire kutchera bambo ako misampha?"

Bambo Jian anayamba kuseka, mpaka anakhala pansi pa thumba la makala. Anafuna kudziwa amene waulula. Pei-shan atawaonetsa mizere iwiri ija pafoni, anaiyang'anitsitsa mwaulemu ngati chithunzi cha malemu.

"Zaka khumi ndi zisanu," anatero. "Ogula a ku Taipei sanandigwire, oweruza mipikisano sanandigwire. Wandigwira ndi makina, mnzanga wopanda mphuno."

Anafotokoza mosavuta. Atatuluka m'chipatala, fungo lonse linali litapita, ndipo silinabwerere. Lilime linatsala ndi kuwawa ndi kutsekemera basi. Miyezi itatu anawononga tiyi wa anthu, n'kumanamizira makala. Tsiku lina masamba anawatayikira m'mbale, ndipo anazindikira kuti tsamba limene likadali ndi chinyezi m'kati limagwa mwakachetechete, louma theka limasasa mawu, koma lofika pake limalira ngati kabelu. Kuyambira pamenepo anawamba ndi makutu, ndipo zotsalazo, za maluwa ndi uchi ndi kupserera, ankauzidwa ndi supuni. Chodabwitsa n'chakuti tiyi wawo anakoma kuposa kale. Dzina la Mphuno ya Golide anthu anawapatsa patatha zaka zitatu mphunoyo itamwalira.

Pei-shan anayamba kuwerengera zimene zatayika. Bambo ake polemba kuti tiyi akulira ngati belu sankasamutsa mawu kuchoka kukhutu kupita kulilime. Ankalemba zimene khutu lawo lamva, ngati munthu wonena kuti galu wauwa. Mizere zikwi zitatu ija sinkayenda mobwerera pamsewu uliwonse. Mutu wachinayi unali wabodza.

Anauza makolo ake zimenezi, ndipo anawauzanso njira zimene zinalipo. Akanatha kuusiya mutuwo mmene unalili, n'kupambana ndi bodza. Akanatha kuuchotsa, n'kubwereza chaka. Kapenanso akanatha kulemba zoona zake zonse, nkhani ya mmisiri amene mphuno itafa mawu ake anasamukira kukhutu, ndipo imeneyo Pulofesa Tsou akanailandira ndi manja awiri. Koma mabuku a ophunzira amaikidwa pa intaneti, ndipo chigwa chonse chinali ndi mmisiri mmodzi yekha wa dzina la Jian.

Mayi ake anati ogula akamva adzathawa, chifukwa anthu amakhululukira wakuba koma osati munthu amene anawaonetsa kuti iwonso sadziwa kununkhiza.

"Lemba zimene zikupambanitse, Shan-shan," anatero bambo ake mopepuka. "Ine ndakalamba, dzina ndilitani?"

Koma ankanena uku akusalaza phulusa limene linali losalala kale, ndipo sanasiye kulisalaza mpaka panja panalira hutala ya galimoto.

Anali Bambo Tu, mwini shopu ya tiyi ku Taichung, munthu wonenepa amene ankalowa m'nyumba mawu ali patsogolo. Analonjera amisiri, anauza Pei-shan kuti wawonda, n'kudzikhazika yekha patebulo. Mayi Jian anamufululira tiyi wa dengu latsopano. Bambo Tu anapsontha, anayendetsa tiyiyo m'kamwa, n'kugwedeza mutu.

"Uyu ndiye akulira bwino, amisiri. Wa chaka chatha anali wosasa pang'ono, sindinafune kunena."

Pei-shan anaika foni pansi. Anafunsa Bambo Tu ngati anamvetserapo masamba akugwera m'mbale. Bambo Tu anadabwa, n'kufunsa kuti munthu angamvetsere masamba chifukwa chiyani, kodi amayimba. Iye ankanena za m'kamwa. Belulo ankalimva palilime, chakumbuyo, tiyi akamatsika. Anati makasitomala ake onse amalimva, ndipo ena amabweza paketi akapeza kuti tiyi wake ndi wong'ung'udza.

Apa m'pamene Pei-shan anakumbukira kuti bambo ake, pa paketi iliyonse, ankalembapo ndi dzanja mawu amodzi ochokera m'kope. Anthu a mphuno zamoyo anawerenga mawuwo zaka khumi ndi zisanu, anamwa, n'kuyamba kulawa mabelu.

Anatsegula kompyuta yake pamwamba pa thumba la makala, n'kutuma pulogalamu kuti ikasese ndemanga za ogula pa intaneti. Bambo Tu asanamalize kapu yachitatu, mizere yofiira inayamba kubwera. Inakwana mazana asanu ndi anayi, yolembedwa ndi anthu osiyanasiyana, yoyambirira ya mu 2011. Inali yochepa poyerekeza ndi ija ya m'makope, koma iyi inkayendadi mobwerera.

Masiku awiri otsatira analemba mutu wachinayi mwatsopano, mayi ake akumuikira zakudya pafupi ndi chigongono. Makope onse makumi awiri ndi awiri anawatulutsa m'kafukufuku. Analemba kuti mawu a khutu anafalikira kwa ogula kuchokera pa mapaketi a mmisiri mmodzi, ndipo kuti msewu wolowera kumodzi ungatembenuzidwe ndi munthu mmodzi wokhala ndi cholembera, bola tiyi wake akhale wokoma. Chifukwa chimene mmisiriyo anasankhira mawu oterowo, analemba kuti chili kunja kwa kafukufukuyu. Chiganizo chimenechi anachiwerenga kasanu. Munalibe bodza, koma sichinali chiganizo chimene akanakonda kuchiyang'ana m'maso.

Pulofesa Tsou anawerenga Lachisanu masana. Anafunsa kumene kwapita mizere zikwi zitatu, ndipo Pei-shan anayankha kuti inali ya bambo ake, ndiye sakanatha kuiweruza mopanda kukondera. Pulofesa anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kusaina. Kai-wen anadandaula kuti aliyense amene amamuthandiza amamaliza n'kumusiya.

Tsiku la mayeso apakamwa linafika patatha masabata atatu. Mwa mwambo wake, woyesedwa ndiye amakonzera omuyesa chakumwa ndi zotafuna, ndipo ophunzira ambiri amangogula zam'mabotolo. Bambo Jian atamva zimenezi anakwiya ngati atukwanidwa. Anabwera okha, atavala jekete ya paukwati wawo, ndi ketulo, makapu ndi tiyi wa dengu labwino koposa.

Mafunso anatenga maola awiri, ndipo Pei-shan anayankha onse. Kenako zitseko zinatsegulidwa kuti tiyi alowe, omuyesa asanapereke chigamulo. Mayi Jian anazindikira kuti makeke a chinanazi aiwalika m'galimoto, n'kutsika kukawatenga.

Mmodzi wa omuyesa, Pulofesa Shih wochokera kuyunivesite ina, anali wokonda tiyi wodzitama. Atamva kuti wothira tiyiyo ndiye mmisiri wa mapaketi uja, anaimirira n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Anati iye belulo analimva kalekale, anzake asanayambe kulimva. Kenako anakhuthula kakapu kake kakatali n'kukapereka.

"Amisiri, ine ndi mnzangayu tikutsutsana. Iye akuti maluwa, ine ndikuti uchi. Mphuno ya Golide itiweruze."

Bambo Jian analandira kakapuko. Anakapukusa m'manja, anatsinzina, anakoka mpweya. Pei-shan anaona mutu wawo ukupendekera pang'ono kumbali, kumene pamayenera kukhala kampando, ketulo ndi supuni. Kunalibe kanthu koma khoma ndi chithunzi cha mizere yake.

Iye anali atatha masabata atatu akudzitamandira mumtima kuti m'buku lake mulibe bodza ngakhale limodzi. Anatola kakapu kake n'kununkhiza. Kenako anatenga cholembera, ngati munthu wongosowa chochita, n'kugogoda patebulo kawiri.

"Uchi," anatero Bambo Jian. "Maluwa anapita dzulo."

Pulofesa Shih anawomba m'manja n'kuuza mnzake kuti akaphunzirenso. Pulofesa Tsou sanaseke. Anayang'ana cholembera, anayang'ana Pei-shan, anayang'ana bambo aja, ndipo Pei-shan anaona m'maso mwake mizere iwiri ija ikudutsana: chinsinsi chinali chitadziwika. Pulofesa anatsegula pakamwa, n'kuthirapo tiyi. Atameza anangoti tiyiyo ndi wabwino mopitirira muyeso, koma ulendo uno saona chifukwa chofufuzira.

Pei-shan anapambana. Omuyesa anamuuza kuti akonze zilembo zingapo basi.

Anthu atabalalika, atatuwo anatsuka makapu pampopi wa kumapeto kwa khonde. Mayi Jian ankatsuka, Pei-shan ankapukuta, bambo ankalongedza m'bokosi, kapu iliyonse m'kansalu kake. Mayi atamva za cholembera anati kugogodako kunali kofulumira kwambiri, bambo ake akanayesa kuti ndi katatu n'kuphula tebulo. Onse anaseka. Kai-wen anadutsa ndi makeke otsala m'manja onse awiri, n'kunena kuti akukawasunga pabwino.

Kakapu kakatali komaliza Bambo Jian sanakakulunge. Kanali kasanatsukidwe, kakadali kofunda pang'ono. Anafunsa Pei-shan kuti makina ake aja asunga mawu angati ofotokoza fungo, ndipo iye anayankha monyadira kuti zikwi makumi anayi, osanjidwa bwino, m'zilankhulo zitatu.

Bambo anagwedeza mutu. Anati zaka khumi ndi zisanu akhala akumva kamodzi, kawiri, katatu, ndipo sakudandaula, supuniyo yawalera. Koma kamodzi ndi kawiri ndi manambala chabe. Anaika kakapuko m'dzanja la mwana wawo, n'kupinda zala zake mozungulira. Mayi Jian anatseka mpopi. Pei-shan ananunkhiza, ndipo mawu zikwi makumi anayi aja anangoima pamzere m'mutu mwake, palibe limene linafuna kutsogola.

"Ndiye tandiuza, dokotala wa mawu. Tiyi wangayu amanunkhira bwanji?"